Autophagy: Mmene Maselo Amadzidyera Okha ndi Zimene Zimenezi Zikutanthauza pa Matenda a Khansa

JOHANNESBURG – Thupi la munthu linapangidwa ndi maselo ambirimbiri osaoneka ndi maso, ndipo selo lililonse lili ndi njira yake yosesera zinyalala za m'kati mwake. Akatswiri a sayansi amaitcha njirayi autophagy, mawu ochokera ku Chigiriki otanthauza kudzidya wekha. Selo limasonkhanitsa ziwalo zake zimene zatha ntchito, n'kuziphwanya, kenaka n'kugwiritsa ntchito zidutswazo popanga zinthu zatsopano kapena popezera mphamvu.

Kwa munthu wabwinobwino, ntchito imeneyi ndi yoteteza moyo. Koma kafukufuku amene wachitika kuyambira mu 1999 wasonyeza kuti maselo a khansa nawonso amaidalira kwambiri, makamaka pamene akusowa chakudya, pamene akulowerera m'minofu yoyandikana nayo, ndiponso pamene akulimbana ndi mankhwala. Nkhaniyi ndi yofunika kwa anthu a kummwera kwa Africa, kumene odwala ambiri amafika kuchipatala khansa itafalikira kale. Malinga ndi bungwe la International Agency for Research on Cancer, m'chaka cha 2022 anthu pafupifupi 20 miliyoni anapezeka ndi khansa padziko lonse, ndipo pafupifupi 9.7 miliyoni anamwalira nayo. Ambiri mwa amene amamwalira amafa chifukwa chakuti matendawa achoka pamene anayambira n'kukafika ku ziwalo zina.

Mmene ntchitoyi imachitikira

Aliyense amene anayendapo m'misewu ya Johannesburg m'mamawa amawadziwa anthu amene amakoka matumba akuluakulu pa timangolo, akutola mabotolo, zitini ndi makatoni kuti akagulitse kumene amazisungunula n'kupanganso zinthu zina. Zimene zimachitika m'kati mwa selo n'zofanana ndi zimenezi.

Poyamba, kachikopa kopyapyala kwambiri kamayamba kupangika m'kati mwa selo. Kachikopako kamakula n'kuzinga zinthu zoyenera kuchotsedwa, monga mapuloteni owonongeka, tizilombo tolowerera, kapena mitochondria yokalamba, imene ndi tiziwalo topanga mphamvu m'selo. Kakatsekeka kamakhala kathumba kotchedwa autophagosome. Kathumbako kamakalumikizana ndi kena kotchedwa lysosome, kamene kali ndi asidi ndi timadzi togaya zinthu. Mmenemo zonse zimagayidwa, ndipo zotsalira zake zimabwezedwa m'selo.

Ntchitoyi imachitika pang'onopang'ono nthawi zonse, koma imakula selo likakhala pamavuto. Puloteni yotchedwa mTOR ndi imene imaona ngati chakudya chilipo chokwanira. Chakudya chikakhalapo, mTOR imaletsa autophagy. Chikachepa, mTOR imafooka, ndipo puloteni ina yotchedwa ULK1 imayambitsa ntchito yopanga timatumba tija. Mapuloteni ena ofunika ndi Beclin 1, amene amathandiza kuti kachikopa kayambe, ndi LC3, amene amamatirira pa kachikopako n'kugwira katundu woyenera kugayidwa.

Mbiri ya kafukufuku

Amene anatulukira lysosome anali Christian de Duve wa ku Belgium, mu 1955. Iye ndiyenso anayambitsa mawu akuti autophagy mu 1963, ndipo mu 1974 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Albert Claude ndi George Palade. Kwa zaka pafupifupi 30, akatswiri ankatha kuona timatumbati pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, koma sankadziwa majini amene amatilamulira.

Zinthu zinasintha ndi ntchito ya Yoshinori Ohsumi wa ku Japan, amene ankafufuza yisiti, yemweyu amene amafufumitsa buledi. Mu 1992 iye anasonyeza kuti maselo a yisiti akamanidwa chakudya amayamba kudzidya okha, ndipo mu 1993 iye ndi Miki Tsukada anapeza majini 15 ofunika pa ntchitoyi. Pambuyo pake kunadziwika kuti majini ofanana nawo alinso mwa anthu. Ohsumi analandira mphoto ya Nobel mu 2016.

Mgwirizano wa autophagy ndi khansa unaonekera bwino mu 1999, pamene Beth Levine ndi anzake ku United States anasonyeza kuti Beclin 1 imathandiza autophagy ndiponso imachepetsa kukula kwa maselo a khansa ya m'mawere. Mu 2003, magulu awiri a akatswiri anapeza kuti mbewa za m'labotale zimene zinali ndi jini imodzi yokha ya Beclin 1 m'malo mwa ziwiri zinkatuluka zotupa kawirikawiri zikamakula.

Mlonda poyamba, wodyetsa chotupa pambuyo pake

Zimene akatswiri ambiri akugwirizana lerolino n'zakuti ntchito ya autophagy imasintha malinga ndi pamene khansa yafika. Khansa isanayambe, autophagy imakhala ngati mlonda. Mitochondria yowonongeka imatulutsa tinthu towononga DNA, ndipo DNA ikawonongeka selo likhoza kuyamba kuchulukana mosalamulirika. Pochotsa mitochondria yotereyi, autophagy imachepetsa mpata woti selo lisanduke la khansa.

Chotupa chikakhazikika, zinthu zimatembenuka. Chotupa chimakula mofulumira kuposa mitsempha ya magazi yochidyetsa, motero maselo a pakati pake amasowa shuga ndi mpweya wa okosijeni. Mu 2006, gulu la Eileen White ku yunivesite ya Rutgers linasonyeza kuti m'malo oterewa ndi mmene autophagy imachuluka, ndipo imathandiza maselo a khansa kupulumuka njala.

Umboni wa mbali zonse ziwirizi unapezeka pa kafukufuku wa ku Japan wa mu 2011. Mbewa zimene zinachotsedwa majini a Atg5 kapena Atg7 zinatuluka zotupa m'chiwindi, kusonyeza kuti popanda autophagy chotupa chimayamba msanga. Komabe zotupazo sizinafike posanduka khansa yolusa, kusonyeza kuti chotupa chimafunanso autophagy kuti chipite patsogolo. M'chaka chomwecho, kafukufuku wina anasonyeza kuti khansa zimene zimayamba chifukwa cha kusokonekera kwa jini ya RAS zimadalira kwambiri autophagy. Chitsanzo chachikulu ndi khansa ya pancreas, chiwalo chimene chimatulutsa insulin ndi timadzi togaya chakudya.

Mmene autophagy imathandizira khansa kufalikira

Kuti selo la khansa lichoke pamene linabadwira n'kukamera kwina, liyenera kudutsa zipsinjo zingapo. Liyenera kudzimasula kwa anzake, kuboola minofu yolizinga, kulowa m'mitsempha, kupirira ulendo wa m'magazi, kenaka n'kukhazikika m'chiwalo chachilendo monga mapapo, chiwindi, mafupa kapena ubongo. Maselo ochuluka amafera m'njira. Autophagy yapezeka kuti imakhudza pafupifupi gawo lililonse la ulendowu.

Gawo loyamba ndi kuyenda. Selo limayenda mokwawa: limagwira kutsogolo ndi timapazi ta mapuloteni, kenaka n'kumasula timapazi ta kumbuyo. Likalephera kumasula, limangokakamira pamalo amodzi. Mu 2016, gulu la Kay Macleod ku yunivesite ya Chicago linasonyeza kuti autophagy imagaya puloteni yotchedwa paxillin, imene ili m'timapazi timeneti, ndipo potero imathandiza selo kumasuka. Ataletsa autophagy m'maselo a khansa ya m'mawere mwa mbewa, maselowo analephera kuyenda bwino ndipo kufalikira kwawo ku mapapo kunachepa.

Gawo lachiwiri ndi kuboola minofu. Mu 2014, gulu la Jayanta Debnath ku San Francisco linapeza kuti maselo okhala ndi RAS yosokonekera amafuna autophagy kuti atulutse zinthu monga IL-6, zimene zimathandiza selo kulowerera m'minofu yoyandikana nayo.

Gawo lachitatu ndi kupulumuka selo likathothoka. Selo labwinobwino la pakhungu kapena la m'bere likachoka pamalo pake limafa lokha, ndipo imeneyi ndi njira imodzi imene thupi limadzitetezera. Kafukufuku wa mu 2008 anasonyeza kuti autophagy imakula selo likathothoka, ndipo imalithandiza kuti lisafe msanga.

Gawo lachinayi ndi kubisala. Maselo ena a khansa akafika m'chiwalo chatsopano amangogona osachulukana, mwina kwa zaka zambiri. N'chifukwa chake khansa ya m'mawere nthawi zina imabweranso patapita zaka munthu atauzidwa kuti chotupa chatha. Kafukufuku wa mbewa wa mu 2018 anasonyeza kuti maselo ogonawa amadalira autophagy kuti akhalebe ndi moyo. Mu 2020 kunapezekanso kuti maselo a khansa ya pancreas amagwiritsa ntchito autophagy pogaya zizindikiro za pachikopa chawo zotchedwa MHC-I, zimene asilikali a m'thupi amadziwira selo lodwala. Zizindikirozo zikachotsedwa, chitetezo cha m'thupi chimalipitirira selolo osalizindikira.

Komabe zotsatira sizimaloza mbali imodzi nthawi zonse. M'chaka chomwecho cha 2020, gulu la Debnath linapeza kuti mwa mbewa zina, kuletsa autophagy kunachepetsa chotupa choyamba cha m'bere koma kunachititsa kuti maselo amene anali atafika kale m'mapapo akule mofulumira. Izi zikusonyeza kuti mankhwala oletsa autophagy akhoza kuthandiza pa gawo lina la matenda n'kuvulaza pa gawo lina.

Johannesburg ndi khansa za m'chigawo chino

Mzinda wa Johannesburg uli ndi mbiri yaitali pa kafukufuku wa khansa, ndipo mbiriyo ndi yolukana ndi ya anthu amene ankapita ku Joni kukagwira ntchito m'migodi kudzera ku Wenela, kuchokera ku Malawi, Mozambique ndi maiko ena. Pakati pa 1953 ndi 1955, John Higginson ndi A.G. Oettlé a ku South African Institute for Medical Research anawerenga odwala khansa pakati pa anthu akuda a mumzindawu ndi madera ena a Transvaal. Higginson anadzakhala mkulu woyamba wa International Agency for Research on Cancer. Michael Kew wa ku yunivesite ya Witwatersrand anatha zaka zambiri akufufuza khansa ya chiwindi, imene inkapezeka kwambiri mwa amuna achinyamata ochokera ku Mozambique, ndi mgwirizano wake ndi kachirombo ka hepatitis B komanso poizoni wa chuku chimene chimamera pa mtedza ndi chimanga chosasungidwa bwino.

Mu 1976, Jennifer Alexander ndi anzake ku Johannesburg analengeza kuti akwanitsa kulera m'labotale maselo a khansa ya chiwindi ochokera kwa wodwala wina wa ku Mozambique. Maselowo, amene amadziwika ndi dzina lakuti PLC/PRF/5, akugwiritsidwabe ntchito m'maiko ambiri, kuphatikizapo pofufuza mmene autophagy imathandizira khansa ya chiwindi kupirira mankhwala. Ku yunivesite ya Witwatersrand, Robin Veale analeranso maselo a khansa ya kummero otchedwa WHCO, ochokera kwa odwala a ku South Africa. Khansa ya kummero ndi yofala kwambiri kuyambira ku Eastern Cape mpaka ku Kenya, ndipo dziko la Malawi lili m'gulu la maiko amene ali ndi chiwerengero chokwera kwambiri padziko lonse.

Kaundula wa khansa wa dziko la South Africa, National Cancer Registry, anakhazikitsidwa mu 1986 ndipo ali ku Johannesburg. Kuyambira mu 1995, kafukufuku wotchedwa Johannesburg Cancer Study anasonkhanitsa mbiri ndi magazi a odwala zikwizikwi, ndipo anathandiza kufotokoza mgwirizano wa HIV ndi khansa ya Kaposi, imene imatulutsa zigamba zakuda pakhungu ndi m'kamwa. Kachirombo koyambitsa khansa ya Kaposi kanatulukiridwa mu 1994 ndi Yuan Chang ndi Patrick Moore. Pambuyo pake kunadziwika kuti kachiromboka kamapanga mapuloteni oletsa autophagy, kuti selo lisakagaye. Mu 2005, madokotala a ku Italy analengeza kuti odwala 15 amene anaikidwa impso za anthu ena n'kudwala khansa ya Kaposi anaona zigamba zawo zikutha atapatsidwa sirolimus, mankhwala ofooketsa mTOR. Mankhwalawa amakweza autophagy, ngakhale kuti amagwiranso ntchito m'njira zina monga kuletsa kumera kwa mitsempha yodyetsa chotupa.

Ku yunivesite ya Johannesburg, nthambi ya Laser Research Centre, imene Heidi Abrahamse waitsogolera kwa zaka zambiri, imafufuza njira yopha maselo a khansa pogwiritsa ntchito mankhwala amene amadzuka akawalitsidwa ndi kuwala. Limodzi mwa mafunso a pa njira imeneyi ndi lakuti autophagy imathandiza liti kupha selo, ndipo imalipulumutsa liti. Ku yunivesite ya Stellenbosch, Ben Loos ndi anzake akhala akukonza njira zoyezera liwiro la autophagy m'selo, chinthu chofunika pofuna kudziwa ngati mankhwala akugwiradi ntchito.

Mankhwala akale a malungo pa ntchito yatsopano

Mankhwala a khansa ndi makina owotcha chotupa a radiotherapy amavulaza selo, ndipo selo lovulala limakweza autophagy kuti lidzikonze. Choncho akatswiri anaganiza kuti kuletsa autophagy pa nthawi ya chithandizo kungachititse kuti maselo ambiri a khansa afe. Mankhwala amene anali pafupi ndiponso odziwika kale anali chloroquine, amene anthu ambiri amawatchula kuti kolokwini, ndi m'bale wake hydroxychloroquine.

Chloroquine anapangidwa koyamba mu 1934 ndi Hans Andersag ku kampani ya Bayer ku Germany. Kwa zaka zambiri anali mankhwala a malungo m'nyumba iliyonse, mpaka pamene tizilombo ta malungo tinayamba kuwapirira. Mu 1993, dziko la Malawi linakhala loyamba mu Africa kuwasiya n'kuyamba SP, amene ambiri ankawadziwa kuti Fansidar, ndipo mu 2007 linasinthiranso ku LA. M'selo, chloroquine amaunjikana mu lysosome, amachepetsa asidi wake, ndipo amalepheretsa timatumba ta zinyalala kulumikizana nayo. Zinyalala zimangodzaza osagayidwa.

Zotsatira za kuyesa mankhwalawa pa odwala khansa zakhala zosakanikirana. Mu 2006, madokotala a ku Mexico anafalitsa zotsatira za odwala 30 a khansa ya muubongo yotchedwa glioblastoma. Theka la amene anawonjezeredwa chloroquine anakhala ndi moyo miyezi 24 kapena kuposerapo, poyerekeza ndi miyezi 11 kwa enawo, koma odwalawo anali ochepa kwambiri moti kusiyanaku sikunatsimikizike. Mu 2014, kafukufuku wa ku United States pa khansa yomweyi anapeza kuti mlingo wa hydroxychloroquine umene odwala ankatha kuupirira sunkaletsa autophagy mokwanira, ndipo masiku a moyo wawo sanawonjezeke.

Mu 2019, kafukufuku wa odwala 112 a khansa ya pancreas anasonyeza kuti zotupa zinaphwa mwa odwala 38 pa 100 alionse amene anawonjezeredwa hydroxychloroquine, poyerekeza ndi 21 pa 100 mwa amene analandira chemotherapy yokha. Koma chiwerengero cha amene anali ndi moyo patatha chaka chimodzi sichinakwere. M'chaka chomwecho, magulu awiri a ku United States anasonyeza kuti mankhwala otseka njira ya RAS, monga trametinib, amachititsa khansa ya pancreas kudalira kwambiri autophagy, ndipo kuphatikiza mankhwala awiriwa kunaphwetsa zotupa mwa mbewa. Kuyambira nthawi imeneyo njirayi yakhala ikuyesedwa pa anthu, pamodzi ndi mankhwala atsopano olunjika pa ULK1.

Pali zifukwa zingapo zimene zikuchedwetsa ntchitoyi. Malo ozungulira chotupa amakhala ndi asidi wambiri, ndipo zimenezi zimalepheretsa chloroquine kulowa bwino m'maselo. Palibenso njira yapafupi yoyezera autophagy m'chotupa cha munthu wamoyo. Komanso maselo abwinobwino, makamaka a ubongo, mtima ndi chiwindi, amafuna autophagy kuti akhale ndi moyo, motero kuiletsa kotheratu m'thupi lonse n'koopsa.

Zimene odwala ndi owasamalira ayenera kudziwa

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chitchukire dzina la autophagy mu 2016, pa intaneti pafalikira mauthenga akuti kusala kudya masiku angapo kumachiza khansa chifukwa thupi limadya chotupa. N'zoona kuti njala imakweza autophagy, koma palibe kafukufuku amene watsimikiza kuti kusala kudya kumachiza khansa mwa anthu. Monga momwe zasonyezedwera pamwambapa, chotupa chokhazikika chimapindula ndi autophagy. Odwala khansa ambiri amakhala ataonda kale, ndipo kudzimana chakudya kumawafooketsa mpaka kulephera kupirira chithandizo.

Chimodzimodzinso chloroquine ndi hydroxychloroquine sanavomerezedwe ngati mankhwala a khansa. Amaperekedwa kwa odwala khansa pa kafukufuku woyang'aniridwa ndi madokotala okha. Akamwedwa nthawi yaitali akhoza kuwononga maso, akhoza kusokoneza kagundidwe ka mtima, ndipo mlingo wopyola muyeso umapha m'maola ochepa, makamaka ana.

Kwa anthu ambiri a m'chigawo chino, vuto lalikulu likadali kupeza chithandizo chimene chilipo kale pa nthawi yake. Pa 16 April 2021, moto unabuka pa chipatala cha Charlotte Maxeke Johannesburg Academic Hospital, chimodzi mwa zipatala zikuluzikulu za boma zothandiza odwala khansa ku Gauteng, ndipo chithandizo chinasokonekera. Mu 2022, mndandanda wa odwala odikira radiotherapy m'chigawochi unali ndi anthu pafupifupi 3,000. Bungwe la Cancer Alliance, mothandizidwa ndi maloya a SECTION27, linakasuma, ndipo mu March 2025 khothi lalikulu la ku Johannesburg linagamula kuti kulephera kwa nthambi ya zaumoyo ya Gauteng kuthandiza odwalawo kunali kosemphana ndi malamulo. Ku Zambia, chipatala cha Cancer Diseases Hospital ku Lusaka chinatsegulidwa mu 2007, ndipo kwa zaka zambiri chinkalandiranso odwala ochokera ku Malawi, kumene kunalibe makina a radiotherapy.

Mwezi uliwonse umene wodwala amadikira umapatsa maselo a khansa mpata wochita zonse zimene zafotokozedwa pano: kumasuka, kuboola minofu ndi kukabisala kwina. Njira zotsimikizika zochepetsera imfa ndi katemera wa HPV kwa atsikana, amene anayamba kuperekedwa m'sukulu za ku South Africa mu 2014 ndiponso m'dziko lonse la Malawi mu 2019, katemera wa hepatitis B kwa makanda, kumwa ma ARV mokhulupirika, kuyezetsa khomo la chiberekero, ndi kupita kuchipatala msanga munthu akaona chotupa m'bere, magazi osayembekezereka kapena vuto pomeza chakudya. Kafukufuku wa autophagy akufunafuna odwala amene mankhwala oiletsa angawathandize, mtundu wa khansa woyenera, ndi nthawi yabwino yowaperekera, ndipo mayankho a mafunso amenewa adzadalira maphunziro amene akuchitika pa odwala enieni, kuphatikizapo a mu Africa.